Mawu Omwe Sadafike kwa Alick

Alick adamudikira pa siteji ya Nchalo ali pa njinga yamoto yobwereka kwa mnzake. Tithokoze atangotsika minibasi yochokera ku Bangula, mnyamatayo sadampatse ngakhale mpata wopukuta thukuta. Adamuuza kuti akwere msanga, pali chinthu choti akaone asadapite kukalonjera amayi.

Chibwenzi chawo chidali chitatha zaka zisanu ndi ziwiri. Adadziwana ali kusekondale, Alick Pius wa kwa Lundu ndi Tithokoze Kalioti wa ku Makhanga, ndipo kuyambira pamenepo anthu akatchula mmodzi ankafunsa za mnzake. Chinkhoswe chawo chidayenera kuchitika kalekale. Koma zaka ziwiri zapitazo namondwe adagwetsa mvula yosakata, madzi adamiza Makhanga, ndipo adatenga bambo ake a Tithokoze. Thupi lawo silidapezeke. Alick adadikira osadandaula. Tsopano abale a mbali zonse adali atagwirizana tsiku lina, ndipo padatsala milungu itatu yokha.

Njinga idaima kuseri kwa minda ya nzimbe, pamalo pomwe Alick ankamanga nyumba. Ulendo watha Tithokoze adasiya zipupa zokhazokha. Lero padali malata, akuwala mpaka kuthobwa m'maso. Alick adamugwira dzanja ndi kumuzungulitsa chipinda ndi chipinda, akufotokoza pomwe padzakhale bedi, pomwe padzakhale mipando, zenera lomwe adalikulitsa dala kuti mphepo izilowa nthawi yotentha. Pomaliza adamutulutsa panja ndi kumenya maziko ndi chikhatho.

"Taona kutalika kwake. Akundifika m'chiuno. Amisiri amandiseka, koma ndinawauza kuti mkazi wanga sadzaonanso madzi m'nyumba."

Tithokoze adadziwa kuti chimenecho ndicho chikondi cha Alick, chikondi cha njerwa ndi simenti, ndipo mtima udamupweteka chifukwa adalephera kusangalala monga momwe mwamunayo ankayembekezera. Adayamikira, adagwira khoma, kenaka adanena zomwe adakhala akuzikonza m'mutu msewu wonse.

"Lachinayi likubwerali zikwana zaka ziwiri. Ndikufuna kupita ku Makhanga. Undiperekeze."

Kumwetulira kwa Alick kudazima pang'onopang'ono. Adamukumbutsa kuti ino ndi nyengo ya mvula, Shire wadzadza, ndipo kumeneko kulibe nyumba, kulibe manda, kwangotsala mchenga. Adati ngati n'za chikumbutso, angathe kupempha abusa apemphere Lamulungu m'tchalitchi, anthu onse ali pomwepo.

"Chaka chatha unapita, Titho. Unabwerako ukudwala sabata yonse."

"Chaka chatha ndinapita ndekha."

"Ndiye chaka chino usapite n'komwe."

Adamugwira mapewa mwachikondi ndi kumuuza kuti zakale azisiye, iye akungofuna Titho wake wakale uja, woseka mpaka kugwira m'mimba. Tithokoze adayang'ana nkhope yomwe ankaidziwa kuposa yake yomwe. Munthu ameneyu ankadziwa saizi ya nsapato zake, ankadziwa kuti sadya mlamba, ankadziwa nyimbo yomwe imamuvinitsa. Koma adaima naye pakhomo la nyumba yawo yatsopano akumva ngati akulankhula ndi munthu wa kutsidya la mtsinje, yemwe amangoona milomo ikugwedera.

*

Kwa amayi ake a Alick adapeza mkeka utayalidwa kale pakhonde, ndipo pamkekapo padakhala Prudence akusankha mpunga m'lichero. Prudence adali mwana wa mnzawo wa mayi Pius. Ankaimba kwaya imodzi ndi Alick, ndipo ndiye adasankhidwa kukhala mlembi wa komiti ya chinkhoswe. Aliyense pamudzipo ankadziwa kuti mayi Pius akadafunsidwa maganizo zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, akadaloza mtsikana ameneyu.

Tithokoze adagwada ndi kupereka moni. Mayi Pius adayankha bwinobwino, adafunsa za amayi ake ku Bangula, kenaka adatembenukira kwa Prudence kupitiriza nkhani ya nsalu zomwe azimayi adzavale patsikulo. Prudence ankamutchula Tithokoze kuti mlamu, ndipo liwulo ankalikoka ngati likumutsekemera m'kamwa.

Chakumasana mitambo idabwera kuchokera ku mapiri a Thyolo. Madontho oyamba atagunda malata, Tithokoze adasiya kulankhula. Mvula itakula adadzuka osadziwa kuti wadzuka, adaima m'mphepete mwa khonde, maso ali pa timadzi tofiira tomwe tinkayenda pabwalo kufunafuna potsika. Ankawerenga mumtima kuti tafika pati. Alick adali kuseri akulowetsa njinga, ndipo mayi Pius ndi Prudence adali atathamangira kukhitchini kukapulumutsa nkhuni. Khitchiniyo idali pafupi, ndipo mawu awo ankamveka ngakhale mvula inkasokosa.

Mayi Pius ankanena kuti mtsikanayo alibe mwano, ntchito amagwira, koma nkhope yake ili ngati tsiku ndi tsiku akuchokera kumaliro. Adafunsa ngati iye ndiye woyamba kuferedwa m'chigwa chonsechi. Adati mwana wawo wauma ndi ntchito kumangira munthu wosadziwa kuseka.

"Mwina mtima uli kwina, amayi," adatero Prudence. "Munthu sakhala chete popanda chifukwa."

Tithokoze sadatembenuke. Adapitiriza kuyang'ana madzi.

Mvula itakata onse adabwerera pakhonde. Foni ya Tithokoze idali pamkeka pomwe adaisiya, ndipo idanjenjemera pafupi ndi bondo la Prudence. Prudence adaitola ngati akuthandiza, maso ake atadutsa kale pagalasi.

"Mlamu, uthenga wanu. A Geresomo akuti bwato lilipo Lachinayi. Akufunsa ngati mubwera nokha."

Mayi Pius adayang'ana mwana wawo. Alick adayang'ana pansi, kenaka adati nthawi yatha, amuperekeze Titho asadasowe minibasi.

*

Atafika pa siteji Alick adaimika njinga patali ndi anthu, pansi pa mtengo wa nimu, ndipo ndi pomwe adafunsa za Geresomo.

Dzina la Geresomo silidali lachilendo kwa iye. Adali mwini bwato yemwe adamutsitsa Tithokoze mumtengo patatha masiku awiri madzi atasefukira. Alick mwiniwake adapita kukamuthokoza, atanyamula mbuzi. Chomwe sankadziwa n'choti awiriwa amalemberana. Tithokoze sadabise. Adati amalankhulana mwa apo ndi apo, makamaka mvula ikakula, ndipo akazi awo a Geresomo amadziwa.

"Mumakambirana chiyani?"

"Za madzi."

"Za madzi," adabwereza Alick, akuseka kuseka kopanda chimwemwe. "Ine ndikakuimbira umangoti uli bwino. Zaka ziwiri, uli bwino, uli bwino. Koma wapabwato ndiye ali ndi makutu."

"Ndikayamba kukuuza umati ndiiwale."

"Chifukwa sindifuna uzilira."

"Ndimalirabe, Alick. Kungoti iwe sukhalapo."

Mawuwo adamubaya, ndipo Tithokoze adaona kuti amubaya. Alick adayamba kuwerengera zonse zomwe adachita: kudikira, kukana zonena za anthu, kutsutsana ndi amayi ake, kudzuka m'mamawa kukaumba njerwa asadapite kuntchito. Adafunsa kuti mwamuna achitenso chiyani kuti aoneke kuti alipo. Zonse zomwe ankanena zidali zoona, ndipo n'chifukwa chake Tithokoze adasowa poyambira. Padali chinthu chimodzi chomwe akadachinena mkangano wonse ukadatha kapena chibwenzi chikadatha, koma chinthucho sichidali chonenera pa siteji, kondakitala akukuwa za Ngabu ndi Bangula.

Tithokoze atakwera minibasi, Alick adabwera pazenera. Maso ake adali ofiira.

"Ukapita Lachinayi ndi munthu ameneyo, ndidziwa pomwe ndaima."

Minibasi idanyamuka asadayankhe.

*

Ku Bangula Tithokoze ankakhala ndi amayi ake m'nyumba ya chipinda chimodzi, kuseri kwa msika. Tsiku la madzi lija mayi Kalioti adali kuno kudzazonda mlamu wawo wodwala, ndipo ndi momwe adapulumukira. Chichokereni maliro opanda bokosi aja, sadatchulenso dzina la amuna awo. Malaya awo amodzi omwe adatsala adawapinda ndi kuwaika pansi pa sutukesi. Mayi ndi mwana ankagona moyandikana, ankadyera mbale imodzi, koma nkhani imeneyo ankailambalala ngati dzenje la pakati pa njira.

Mayi Kalioti adaona kuti mwana wawo wabwera wosakondwa, ndipo adaganiza zomwe mayi aliyense akadaganiza. Adamulangiza kuti apongozi ndi apongozi, munthu umangowapirira. Adati amuna odikira mkazi zaka ziwiri osayang'ana kumbali ndi osowa, ndipo asayerekeze kumutaya Alick chifukwa cha nkhope yolemera. Tithokoze atanena za ulendo wa Lachinayi, amayi ake adapitiriza kupeta mapira.

"Kulibe kanthu kumeneko, mwananga. Ine sindidzapondakonso."

Lamulungu Alick adalemba kuti, wadzuka bwanji. Iye adayankha kuti bwino, kaya iwe. Yankho lidabwera madzulo, liwu limodzi. Lolemba sikudabwere kanthu. Lachiwiri Tithokoze adalemba uthenga wautali, adauwerenga kawiri, adaufufuta. Kale ankatha kucheza pafoni mpaka batire kutha, akukambirana zopanda mutu, maina a ana omwe adzabereke, mtundu wa penti. Tsopano ankayang'ana dzina lake likuonetsa kuti ali pa intaneti, iyenso ali pomwepo, aliyense akudikira mnzake.

Lachitatu adaona chithunzi chomwe Prudence adaika pa sitetasi ya Watsapu. Adali ataima m'chipinda chogona cha nyumba yatsopano ija, pazenera lalikulu lija, atatambasula tepi yoyezera, mayi Pius atagwira mbali inayo. Onse ankaseka. Pansi pake adalemba kuti, kuthandiza achimwene makatani. Tithokoze adachiyang'ana nthawi yaitali. Chomwe chidamupweteka kwambiri sichidali nsanje. Chidali choti chithunzicho chinkaoneka bwino. Mtsikana woseka, m'nyumba yowala, pafupi ndi apongozi omukonda. Adadzifunsa ngati Alick naye adachiona ndi kuganiza chimodzimodzi.

*

Lachinayi kudacha kopanda mitambo. Tithokoze adavala chitenje chakale, adauza amayi ake kuti abwera dzuwa lisadalowe, ndipo adatsikira ku Mtayamoyo komwe mabwato amadikira anthu owoloka. Asadafike padooko adayang'ana kumsewu kawiri konse. Palibe njinga yamoto yomwe idaima.

Geresomo adali bambo wa zaka makumi atatu ndi mphambu zingapo, wamfupi, wa mapewa otambalala, wosakonda kulankhula. Adamulonjera m'Chisena, adamupatsa chinangwa chophika chomwe akazi ake, a Glory, adamukulungira m'pepala, ndipo sadafunse chifukwa chomwe wabwerera yekha. Madzi adali ofiirira, odzadza ndi namasupuni. Tithokoze adakhala pakati pa bwato, manja atagwira thabwa mbali zonse, maso ali pamapazi ake mpaka adamva bwato likukhudza matope a tsidya linalo.

Kuchokera pamenepo adayenda wapansi. Anthu ena adali atabwerera ku Makhanga ndi kumanga timisasa, ena adali atadzala chimanga pomwe madzi adasiya dothi. Koma pomwe padali mudzi wa a Kalioti padali mchenga woyera ndi bango. Chidatsala ndi mtengo wa mango, womwe tsopano unkaoneka waufupi chifukwa mchenga udakwirira thunthu lake. Tithokoze adakhala pansi pake. Geresomo adakhala chapatali, akusenda kamtengo ndi mpeni.

Adalira mpaka misozi idatha yokha. Kenaka adamufotokozera Geresomo za mkangano wa pa siteji, za mawu a apongozi, za chithunzi cha makatani. Adati pa dziko lonse munthu mmodzi yekha ndiye amamudziwa, ndipo munthuyo ndi mwini bwato yemwe adakumana naye mwangozi.

Geresomo adasiya kusenda kamtengo kaja. Kenaka adati iye sadziwa zambiri, koma chomwe akudziwa n'choti zomwe adamva m'bwato tsiku lija sadazifune, adangozimva chifukwa adali pomwepo, ndipo sadauzepo munthu, ngakhale akazi ake. Adati wakhala akuzisunga ndipo azisungabe.

"Koma achemwali, ine si amene mukagone naye nyumba imodzi. Mnyamata uja akumanga nyumba ya munthu yemwe sakumudziwa. Mukumuimba mlandu woti samva, koma kodi munamuuza?"

"Akadziwa adzandiona mwina."

"Mwina. Koma panopa sakukuonani n'komwe."

Adadzuka ndi kunena kuti akaone bwato, amupeza padooko akamaliza.

Tithokoze adatsala yekha ndi mphepo yomwe inkagwedeza masamba. Adatulutsa foni. Kulemba sakadatha. Adatsegula dzina la Alick, adadina pojambulira mawu.

"Alick, ndili pansi pa mtengo uja. Ndikuuza zomwe sindinauzepo munthu ndili bwinobwino, ngakhale amayi. Ndinanena kuti madzi anawatenga baba tisanafike pamtengo, kuti sindinawaone. Ndinanama. Tinafika tonse. Iwo anandikankha kuti ndikwere, ine ndinakwera, ndinagona panthambi n'kuwagwira dzanja. Madzi anali m'khosi mwawo. Mwendo wawo unali utathyoka, samatha kudzikoka. Ndinawagwira, Alick. Sindikudziwa nthawi yaitali bwanji. Phewa langa linachita dzanzi. Amandiyang'ana, amalankhula, koma madzi amasokosa, sindinamve. Kenako dzanja langa linali lopanda kanthu. Mpaka lero sindikudziwa ngati anandisiya okha kuti ndisagwe, kapena ndine ndinatopa n'kutsegula zala. Tsiku lililonse ndimafunsa dzanja langali. A Geresomo amadziwa chifukwa atanditsitsa ndimabwebweta m'bwato. Palibe china pakati pathu. Ukamati ndiiwale, ndimamva ngati ukuti ndiwasiyenso kachiwiri. Sindikufuna undikonze. Ndimangofuna ukhale pansi pano ndi ine tsiku limodzi. Ngati ukatha kumva izi sundifunanso, undiuze wekha. Usatume munthu."

Adachotsa chala. Netiweki kumeneko idali yofooka, ndipo uthengawo udangokhala ukuzungulira. Adauyang'ana, chala chili pafupi ndi pofufutira, kenaka adaika foni m'chikwama ndi kunyamuka.

*

Pobwerera sadayang'ane mapazi ake. Adayang'ana mtsinje, mbalame zoyera m'bango, amayi awiri omwe ankakangana za mtengo wa tomato kutsogolo kwa bwato. M'chifuwa mwake mudali mopepuka mwachilendo, ngati munthu yemwe watula mtolo ndipo khosi silidazolowere. Ali pakati pa madzi foni idalira kamodzi kusonyeza kuti uthenga wapita. Pomwe ankatsika ku Mtayamoyo, timizere tiwiri ta pa uthengawo tidali titasanduka tabuluu. Alick adali atamvera.

Adatsazika Geresomo ndi liwu limodzi lothokoza la kwawo, takhuta, ndipo adayamba kukwera kumsika pang'onopang'ono, foni ili m'manja. Mphindi khumi zidadutsa. Adadziuza kuti munthu akamva zotere amafuna nthawi. Adagula madzi ozizira a m'pepala, adakhala pakhonde la sitolo ina yotseka, adadikira. Ola lidakwana. Mantha adayamba kubwerera pamalo pomwe adachoka.

Kenaka foni idaitana, koma nambala idali yachilendo.

Adali Alick. Adati akuimbira pa foni ya mnzake Humphrey, ali kuntchito. Mawu ake adali otsika, opanda ukali wa tsiku lija. Adati masiku onsewa chakudya sichimalowa. Adati dzulo adapita kukapempha tchuthi cha lero kuti amudzidzimutse padooko, koma akuluakulu adakana. Adavomera kuti adalankhula zopusa pa siteji, kuti sakhulupirira zoti pali kanthu ndi Geresomo, kungoti zidamuwawa kumva kuti mlendo akudziwa misozi ya mkazi wake kuposa iye.

"Loweruka ndibwera. Tikawoloke tonse, undionetse pomwe panali nyumba. Sindikudziwa kuti ndikanena chiyani kumeneko, koma ndikhala chete ngati ukufuna."

Tithokoze adatseka maso. Misozi idatsika, yofunda, yosiyana ndi ya m'mawa ija. Kwa zaka ziwiri adadikira mawu amenewa.

"Ndiye wamvera," adanong'ona. "Wamvera zonse, ndipo ukubwerabe."

"Kumvera chiyani?"

Adaganiza kuti sadamve bwino. Adamuuza za uthenga wa mawu womwe adatumiza masana. Alick adati sadaone uthenga uliwonse. Foni yake adaisiya m'mawa kwa amayi ake ili pa chaja, chifukwa komwe amagona magetsi adazima kuyambira dzulo. N'chifukwa chake wabwereka ya Humphrey.

Khonde lomwe adakhalapo lidakhala ngati likupendekeka. Adafunsa ngati foniyo ili ndi loko, ngakhale yankho ankalidziwa. Alick sankaika loko, ankanyadira kuti alibe chobisa. Adafunsa kuti kunyumbako kuli ndani.

"Amayi. Ndi Prudence, amati asokere konko makatani aja. Titho, watani? Munali chiyani mu uthengamo?"

Tithokoze adadula foni ndi kuyamba kuyenda, kenaka kuthamanga, kudutsa pakati pa ogulitsa nsomba zouma, anthu akumutembenukira. Ankangoganiza chinthu chimodzi, kuti akafike kwa amayi ake nkhaniyo isadafike.

*

Chitseko chidali chotsegula. Pakhomo padali nsapato za azakhali ake, a Lena, mlongo wawo wa malemu bambo ake, omwe ankakhala kutsidya kwa msewu. A Lena ndiwo ankaimira banja la a Kalioti pa gulu la Watsapu lomwe komiti ya chinkhoswe idatsegula, momwe mudali abale a mbali zonse, ankhoswe, ndi azimayi a kutchalitchi, anthu oposa makumi anayi.

Asadalowe adamva mawu ake omwe. Ankachokera pa foni yomwe idali pamkeka pakati pa azimayi awiriwo, ofooka, odukaduka ndi mphepo ya ku Makhanga. Adali pomwe ankanena za phewa lochita dzanzi.

A Lena adadzutsa mutu. Nkhope yawo idali yonyowa ndi yolimba nthawi imodzi. Adati uthengawo walowa pagulu kuchokera pa nambala ya Alick, popanda mawu ena alionse, ndipo amalume ake a Alick, a Lorenso, alemba kale kuti ankhoswe akumane mawa zokonzekera zisadapitirire. Adati iwo amvera katatu, kufuna kutsimikiza kuti ndi mawu a mwana wa mchimwene wawo.

Tithokoze sadawamve bwino. Ankayang'ana amayi ake. Mayi Kalioti adali atakhala miyendo yotambasula, msana uli chilili, maso ali pakhoma. Sankalira. Adadikira mpaka mawu a pafoni adatha, m'nyumba mudatsala phokoso la msika lochokera patali. Kenaka adatembenuka pang'onopang'ono ndi kumuyang'ana mwana wawo ngati akumuona koyamba.

"Ndinakufunsa," adatero motsitsa. "Tsiku lomwe unafika ndinakusambitsa ndekha, ndinakufunsa ngati anavutika. Unati sunawaone."

"Mama..."

"Zaka ziwiri ndakhala ndikuganiza kuti anafa yekhayekha mumdima, popanda womuyang'ana. Iwe uli pambali pangapa, ukudziwa."

Tithokoze adagwada pakhomo pomwepo. Adatambasula dzanja kuti awagwire phazi. Mayi Kalioti adabweza mwendo wawo, adakoka mpango kuphimba kumaso, ndipo adauza a Lena kuti amuuze mtsikanayo akagone kwina lero.